Ntchito ya Rozita ndi Atsibweni Ake

Lolemba
Pepa kabuku, ndakusokoneza, unali wolembamo za feteleza. Mwana wanga Rozita wamaliza maphunziro a analista de dados. Akuti ndi ntchito yosanthula manambala a empreza, ndiye kuti kampani, pa komputadoro n'kuuza mabwana tanthauzo lake. Empreza zitatu zamuitana sabata ino. Akapanda kulembedwa akuti athawira ku Joni. Sindikugona. Ndakonza chonchi: mtsikana sangakadzinenerere yekha kwa alendo. Atsibweni ake, a Fulujensiyo, azikamulankhulira monga pa chinkhoswe.

Lachiwiri
Empreza yaing'ono yogula mbatatesi ku Ntengo-Wambalame. Akufuna munthu mmodzi wodziwa zonse: Excel, kuyendetsa mota (njinga yamoto), kukonza makina osindikizira, kusenza matumba wosenza akadwala. Rozita akugwedeza mutu bwinobwino. Atsibweni akufunsa mwini empreza ngati amapemphera, komanso mkazi woyamba anamusiyiranji. Atitulutsa.

Lachitatu
Ndikuwapempha atsibweniwo achepetse mafunso. Akundiyankha: "Alamu, inu munangobereka. Mwana ndi wakwathu."

Lachinayi
Furancungo, empreza yokulirapo, ya fodya. Malaya ndinasita dzulo, chapa, minibasi imene takwera, chawathira fumbi. Kuno za matumba palibe. Akufuna SQL, kujambula magrafiko, ndi luso lofotokozera mabwana mwachidule. Shefi, bwana wa pamenepo, akuti, "Tafotokoza wekha, menina." Atsibweni akuti, "Kwathu mwana sayankha akulu alipo." Akufotokoza iwo, kuyambira pamene tinathawira nkhondo ku Malawi. Shefi akutuluka, m'nkhaniyo tisanabwerereko ku Malawiko.

Lachisanu
Empreza yaikulu ya ku Tete, mafunso ake ndi a pa foni yoonana nkhope. Awa safuna zambirimbiri: ntchito imodzi koma yoidziwa mozama, Chingerezi, ndi kumvana ndi gulu. Foni imagwira pa chulu kuseri kwa sukulu. Takwerapo, atsibweni ali m'jekete, nkhuku yamphatso kukhwapa. Rozita akuti akukafuna pogwira bwino, wapita ndi foni. Ife padzuwa mpaka madzulo, ana asukulu akutiloza.

Loweruka
Amulemba ku Tete! Atsibweni akuti ntchitoyo sakuidziwa, popeza sanaonane ndi ankhoswe a empreza. Akuti Rozita sapita. Mayi ake akuti achimwene awo sanalakwe. Nkhuku ija atsibweni adya okha.

Lamulungu
Titaweruka kutchalitchi atsibweni avomera, koma akuti apita naye tsiku loyamba, Lachitatu, akaone anthuwo ndi maso. Rozita akulongedza, sakundiyankhula. Basi, zikhale momwemo. Ndamupempha atumize uthenga wanga ku empreza: Mabwana, kodi muofesi mwanumo muli mpando wa atsibweni? Chonde yankhani Lachitatu lisanafike, jekete achapitsa kale.