Nkhupakupa ya ku Bradgate ndi Machesi Anga

Ku England kuli nkhupakupa. Ndikanavomereza msanga mfundo imeneyi, bwenzi kuseri kwa bondo langa lamanzere kudakali ubweya.

Linali Loweruka lina la mu June pamene alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene ndi nesi muno mu Leicester, anatitenga kukayenda ku Bradgate, paki ya agwape ndi zitsamba zofika m'chiuno. Titangotsika galimoto, iwo analowetsa thalauza m'masokosi. Azungu angapo anali atachitanso chimodzimodzi, akuyenda ngati akakowa padambo.

"Alamu, kabudulayo muona naye zakuda," anatero. "Muno muli nkhupakupa."

Ndinaseka. Ine ndinakulira ku Ntcheu, pakati pa ng'ombe ndi agalu. Nkhupakupa ndimaidziwa: yonenepa ngati nsatsi, yooneka uli kutsidya kwa khola. Dziko lopanda ngakhale udzudzu waulemu lingandiphunzitse chiyani? Ndinasiya njira dala n'kudutsa m'zitsamba (kuti aone mwamuna wa kumudzi).

Lolemba ndikusamba, ndinapeza kadontho kakuda kuseri kwa bondo, kochepa ngati njere ya chitowe. Ndinakanda, sikanachoke. Nditavala magalasi ndinaona timiyendo.

Kwathu timadontheza palafini, kachilombo n'kugwa kokha. Kuno ku Spinney Hill, dera lomwe timakhala mu Leicester, palafini ndikanamupeza kuti? Ndinapaka mafuta odzola a mkazi wanga, ochuluka ndithu. Kanangokhala phee. Ndiye ndinakumbukira njira yachiwiri ya kumudzi, machesi.

Owerenga, mafuta, ubweya ndi moto sizigwirizana. Mkazi wanga anagogoda kubafa.

"Kodi mukuwawula mang'ina mmenemo?"

Madzulo alamu anafika akuchokera kushifiti, yunifolomu ili m'thupi. Anandigoneka chafufumimba pa sofa, anatulutsa kachitsulo kosongoka kotsinira, anagwira kachilombo pafupi ndi khungu n'kukakoka pang'onopang'ono, molunjika. Kanatuluka kathunthu, kamoyo. Amene anapsa ndinali ine ndekha.

"Mafuta ndi moto zimangokazunza, ndiye kakhoza kulavulira dovu lake m'thupi mwanu," anatero. "Zina zimanyamula matenda a Lyme. Mukaona chizungulire chofiira pakhungu, kapena thupi likatentha, thamangani kwa dokotala. Osati kwa ng'ombe za ku Ntcheu."

"Kachinthu kameneka kangadwalitse munthu wamkulu?"

"Kakugonekani kale pa sofa, alamu."

Patapita masabata angapo, chofiiracho chinatulukadi, chozungulira ngati pansi pa kapu, chikukula tsiku ndi tsiku. Kuseka kunatha. Alamu anali atandiuza kuti matendawa ukawalekerera amalowa m'mfundo za mafupa ndi m'mitsempha, ndipo ine mawondo awa ndimakwerera basi, ndimapitira kuntchito. Dokotala anayang'ana chizungulirecho, anayang'ananso chilonda cha moto pambali pake, n'kufunsa mwaulemu ngati ziwirizi zinali pachibale. Ndinayankha kuti n'zachikhalidwe. Anandipatsa mankhwala akumwa kwa masabata angapo, n'kundichenjeza kuti ndizipewa dzuwa lamphamvu (mu Leicester, lamulo limeneli silinandivute ngakhale tsiku limodzi).

Ndinachira. Maganizo anga sanasinthe: nkhupakupa ya kuno ndi yonyozeka, yosafika ngakhale pa mdzukulu wa yathu. Koma mukadzaona bambo wina ku Bradgate akuyenda pakati penipeni pa njira, thalauza lili m'masokosi, musamupatse moni m'Chichewa. Sadzayankha.