Mmene ndinadindira bokosi la majakisoni ngati belo la fodya

Tsikulo analipo ndi awa: anamwino a Nachisale, mlonda Gondwe, amayi akusikelo ndi ana awo, ndi ineyo Banda, wokolopa ndi kuotcha zinyalala. Ndawatchula dala. Wina akamakuuzani zosiyana, mudziwe kuti kunalibe iyeyo.

Kachipatala kathu kali cha ku Kapelula. Ndinalowako ntchito msana utakana za fodya. A Nachisale atangofika anabwera ndi malamulo: magolovesi, jombo, ndi bokosi lachikasu loponyamo majakisoni otha ntchito. "Likafika pamzere apa, a Banda, mukaotche. Zamkati osakhudza."

Ine ndinadziwiratu. Kuotcha katoni yabwinobwino isanadzaze? Wina akudyapo apa. (Ndinamvanso kuti ali ndi mlamu wawo amene akusirira ntchito yangayi.) Jombo ndinazikana. Ankafuna ndizipunthwa nazo kuti anthu aziti ndakalamba.

M'mawa umenewo bokosi linafika pamzere. Ndinati ayi, munthu amene wadinda mabelo moyo wake wonse sangataye malo chonchi. Ndinang'amba chivundikiro, ndinayalapo kapepala, n'kupondapo ndi patapata wanga monga tinkachitira podinda fodya.

Akuti mfuu yanga inamveka mpaka kuchigayo.

"Mwatani, a Banda?" anafunsa a Nachisale.

"Minga."

"Minga pasimenti?"

Gondwe, munthu wosasunga pakamwa, analoza jakisoni ali lende pachidendene changa.

A Nachisale ananditsuka balalo, anandiyeza magazi, n'kundipatsa mapilitsi oteteza ku kachilombo, omwa mwezi wathunthu. Ndinadikira kuti andichotse ntchito. Sanandichotse, ndipo zimenezo n'zokayikitsanso.

Mlandu weniweni unali kunyumba. Akazi anga, amake Yohane, anapeza botolo la mapilitsi aja m'jekete (ndinabisa, eya, inu mukanatani?), ndipo mankhwala amenewo palibe amene sawadziwa.

"Pa ukalamba uno, abambo? Ndani ameneyo? Kapena ndi namwino mumangomutchula tsiku lililonse uja?"

Ndinafotokoza ndi mphamvu zanga zonse, nditaima pabwalo. Ndinawaonetsa chidendene. Iwo akuti kabala kotere ngakhale chitsa cha fodya chimabaya. Mphasa yanga inaponyedwa kuchigafa, komwe timayanika fodya, ndipo amene akanandibwezera m'nyumba anali a Nachisale omwe aja.

Kutacha Yohane, mwana wanga wamkulu, anandipeza kuchigafako ndikukanda udzudzu.

"Ababa, amayi avomera kupita nanu kwa anamwino kuti akamve okha. Koma chonde, inu mukakhale chete. Mmene munafotokozera dzulo muja, mudzi wonse wadziwa mankhwala amene mukumwa. Za jakisoni palibe amene wamva."