Tsiku Limene Ndinachapa Jekete ya a Tsekwe

Kuchapa ndimakudziwa, ndipo luso lomwelo ndi limene linatsala pang'ono kundibweza kwathu ku Khombedza ndi kachikwama m'manja. Anzanga a pa loji ku Senga Bay amaikamba nkhaniyi mothira mchere, ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha.

Pali sewero lina la nthabwala la pa TV limene kwathu sitiliphonya. Mwini bwalo m'seweromo ndi a Tsekwe, bambo wa chimimba, waulesi, wabodza, amene chiyambire amavala jekete imodzi yomweyo: yotuwa, ya banga pachifuwa, thumba lili lende, batani limodzi. Akazi awo amawalalatira mpaka ife oonera kuwamvera chisoni. Ine a Tsekwe ndimawakonda. (Amayi anga amati ndikanati ndizikonda mapemphero chonchi, bwenzi pano ndili mtsogoleri wa kwaya.)

Tsiku lina a manijala anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti anthu a sewerolo akubwera kudzajambulira pa loji pathu. "Amenewa ndi alendo olemekezeka," anatero. "Wowakhumudwitsa aliyense, geti ndi ilo." Ponena zimenezi maso anali pa ine, chifukwa ndinali nditangoyamba kumene kochapira zovala ndipo anali akundiyesabe.

Atafika ndinangoti kukamwa yasa. A Tsekwe enieni ndi munthu wochepa thupi, waukhondo, wolankhula motsitsa ngati m'busa wokaona odwala. Chimimba chija ndi pilo, amachita kumangirira ndi nsalu. Mayi wolongolola uja amawatchula kuti "achimwene", ndipo ndinawaona ndi maso angawa akuwasendera nthochi. Tiyi amene amapsa naye pakamwa pa TV amakhala atazizira kalekale. Kachigawo kamodzi ankakabwereza kambirimbiri pa dzuwa la Salima, thukuta lili kamukamu, koma ulendo uliwonse bamboyo ankagwa pampando mwa mtundu wina, mpaka wogwira kamera kumadziluma mlomo kuti asaseke. Ndinawavulira chipewa. Kuseketsa anthu ndi ntchito yowawa ngati kulima.

Tsiku loyamba anajambula theka la chochitika china, a Tsekwe akulowa modyera n'kumanamiza woperekera zakudya kuti iwo ndi eni loji. Theka linalo anati mawa. Ataweruka masana, ndinapita kukatolera matawulo m'chipinda chimene ankavaliramo, ndipo ndinaipeza jekete ija ili pampando.

Abale, pa TV simumva fungo. Pafupi, jeketeyo inali yomvetsa chisoni. Mumtima ndinati, munthu wodziwika dziko lonse chonchi, asowe womuchapira? Komanso pa loji anatiphunzitsa kuti chovala chakuda cha mlendo sichigona pampando. Ndinainyamula ngati khanda. Ndinaiviika, kuifikisa, kuitsukuluza. Banga la pachifuwa linachita makani, ine n'kulithira mandimu ndi soda mpaka linagonja. (Apa ndinadzitama, ndisaname.) Poti ndinali nditayamba kale, ndinasoka thumba lija, n'kuwonjezera mabatani awiri, n'kuisita. M'mawa ndinakaikoleka pa hang'ala, ndikumwetulira ngati mkwatibwi.

Woyamba kuiona anali mayi woyang'anira zovala za osewera. Anakuwa ngati waponda njoka.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, mayi," ndinayankha, manja kumbuyo, ndikudikira zikomo.

"Mwatipha, asisi! Dzulo tajambula a Tsekwe akulowa pakhomo ndi jekete yakuda. Lero akhale pampando ndi yoyera? Oonera adzati anachapira pati, pakati pa chitseko ndi tebulo?"

M'pamene ndinamva kuti litsiro lija amachita kulisunga dala, ndipo banga lija oonera amalidziwa kuposa nkhope za abale awo. Kujambulanso za dzulo sikukanatheka, chifukwa wosewera wina anali atabwerera kale ku Lilongwe.

A manijala anafika akuthamanga. Sanafunse zambiri. "Iwe, kalongedze katundu wako."

Ndinaganiza za amayi ku Khombedza, amene anali atalengeza kale msika wonse kuti mwana wawo wapeza ntchito ku loji.

Kenako a Tsekwe anatulukira, pilo ali kukhwapa. Anaitenga jeketeyo, kuitembenuza, kuinunkhiza. "Aa," anatero mwakachetechete, "zaka zonsezi ine ndimayesa ndi yotuwa. Kani ndi yobiriwira?"

Aliyense anaseka kupatula ine ndi a manijala.

"Bwana, musawachotse," anapitiriza. "Chiyambire seweroli, munthu woyamba kuwachitira chifundo a Tsekwe ndi ameneyu. Chemwali, kuchapa mumatha. Nanga kudetsa?"

Ndiye ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi tiyi, phulusa, mafuta ophikira, ndi foni ya mayi wa zovala uja yoonetsa chithunzi cha dzulo. Ndinasomola ulusi umene ndinasoka ndekha, ndinathothola mabatani anga, mtima ukuwawa. Kudetsa kunandikanika. Banga langa linatuluka lozungulira bwinobwino.

"Laukhondo kwambiri," anatero mayi uja. "Bwerezani."

Ndinabwereza, koma linangokhala lokongolabe. Anthu onse anali akudikira ine, a manijala ataima pambali ngati wapolisi. Pamenepo a Tsekwe anavala jeketeyo, kumanga pilo, kutenga kapu ya tiyi. Nkhope inasintha ndikuona, m'busa uja anasowa, panaima waulesi wa pa TV. Anapsontha, kukuwa kuti wapsa, tiyi khavu pachifuwa. Banga linabwerera pamalo pake penipeni. Ndinaomba m'manja ndekhandekha, misozi ikulengeza.

Ntchito inapulumuka, ngakhale kuti mpaka lero anzanga amanditchula kuti Nachisopo.

Gawo limenelo litatuluka pa TV ndinali kwathu ku tchuthi, tikuonera ndi amayi. A Tsekwe analowa pakhomo, n'kukhala pampando, ndipo palibe anaona kusiyana. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukusa mutu.

"Koma jekete imeneyi ikuchititsa manyazi. Iwe unali pomwepo, ntchito yako ndi yochapa, osawathandiza bambowa? Ndinakulera bwanji?"

"Ndinatanganidwa, amayi," ndinatero.

Ndinaphunzira kuti chinthu cha mwini umayamba wafunsa. Koma ndikaiona jekete ija pa TV manja amandiyabwabe, ndipo akadzabweranso pa loji, chipinda chimenecho azikhoma.