Mkono wa Leah ndi Chikwangwani cha Pageti

Kwa Bwana Woona za Chitetezo cha Antchito,
Esiteti ya Tiyi ya Mphukirazabwino.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba nditagwada, ine wothyola tiyi wamba, kuthokoza chifukwa cha chikwangwani chanu cha pageti, chimene lero chikuti tatha masiku 912 popanda wovulala pantchito. Timachiwerenga m'mawa uliwonse, ena tikutsimphina.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kiliniki yathu. Mu Febuluwale mkazi wanga Leah anaterereka pamatope, dengu lodzaza lili kumsana, n'kugwera dzanja lamanja. Ife mbuli titamva fupa likulira ngati nkhuni youma tinati wathyoka. Koma adokotala anu, amene maso awo amaposa makina ojambulira, anamuyang'ana ali poteropo n'kulemba kuti wangobinya. Anamupatsa panado. Akapitawo anatinong'oneza kuti akanalemba kuti wathyoka, nambala ya pageti ikanabwerera pa ziro. Ndife yani ife kuti tigwetse nambala yaikulu chotero?

Chachiwiri, zikomo potimana galimoto yopita kuchipatala chachikulu. Inali ikututa masamba, ndipo masamba amafota msanga kuposa munthu. Titakafika patokha patatha milungu isanu, anamujambula n'kutiuza kuti fupa linathyoka pawiri, lagwirana kale mokhota, ndipo za chikhakha tachedwa nazo.

Chachitatu, mwandiphunzitsa ntchito. Zovala ndimafinya ndine, chitenje ndimamumanga ndine, mpaka anansi akuti anandidyetsa khuzumule. Zimenezo ndimaseka nazo. Chimene chimandipweteka n'kumuona akuthyola ndi dzanja limodzi, anzake atafika kale kusikelo. Akapitawo anena kuti mvula ikabweranso dzina lake silidzaitanidwa, pakuti esiteti silemba aulesi. Akunena zoona: pepala lanu likuti ali bwinobwino.

Ndamva kuti tikakwanitsa masiku 1,000 kudzakhala zakumwa, matisheti ndi alendo ochokera kutauni. Pempho langa n'laling'ono, Bwana. Musamuchotse Leah. Mupatseni ntchito yosintha nambala ija m'mawa uliwonse; dzanja lamanzere likwanira, ndipo palibe amene anaiperekera zambiri kuposa iye.

Pa tsiku la chikondwererolo mudzamuimike kumbuyo, alendo asaone mkonowo. Ndipo mukadzamaliza kulankhula, mudzamukhululukire akadzapanda kuwomba m'manja.

Ine kapolo wanu, wosavulala mpaka lero,
Benard Muhowa