Uvuni Wanga, Dzina la a Saide

Nkhani iyi ndikaikumbukira manyazi amandigwirabe, koma poti ku Chiuta aliyense amaidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwake.

Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi, komwe tinathawira, tili ndi mabulangete ndi mapoto basi. Koma ine ndinabwerako ndi mutu wogwira ntchito. Ndinatola mgolo wakale, n'kuuboola khomo, n'kuyalamo mawaya, uvuni wowambira milamba n'kutheka. Chinsinsi chinali mkati: pakati pa moto ndi nsomba ndinkaikapo lata la mchenga wonyowa, utsi n'kumadutsa m'mbali. Milamba inkatuluka yofiirira bwino, osapserera, ndipo ogula ochokera ku tauni ya Insaca ankaimirira pakhomo panga.

Kenako a Saide, aneba anga, anasuzumira pampanda n'kupanga wawo. Latalo sanalione, ndiye milamba yawo inkatuluka bii ngati makala. Koma bambowa ndi ochenjera pakamwa. Anaupaka penti yabuluu, n'kuuimika m'mbali mwa msewu, ndipo posakhalitsa dera lonse linkangoti "uvuni wa a Saide".

Tsiku lina mkazi wanga yemwe, Esinati, anati, "Bambo, uvuni wa a Saide wathuwu wayamba dzimbiri."

Chakudya sichinatsike tsiku limenelo. Makasitomala anali anga, inde, koma dzina linali la wina.

Ndiye ndinamva pa wailesi za patenti, lamulo loteteza munthu amene wayamba kupanga chinthu kuti ena asamukopere. Ndinati basi, a Saide aona zakuda. Kapezedwe kake sindinafunse aliyense, chifukwa ndinkadziwa kale. Minda yathu tinaipezanso bwanji pobwerako? Unkaitana mboni, n'kuloza chilichonse poyera: mango awa ndinabzala ine, malire ndi chulu icho. Ndinaganiza kuti patenti ndi chimodzimodzi.

Tsiku la msika ndinamangirira mgolo panjinga n'kukautsitsa pakati pa anthu. Ndinaitanitsa a sekeretariyo a ku posto, mlembi wa ku ofesi ya boma ya m'dera lathu, ndi a Saide omwe, kuti achite manyazi pagulu.

"Anthuni, uvuniwu mwini wake ndine," ndinatero. "Afunseni awa ngati akudziwa chili mkatimu."

Ndinasolola lata lija n'kulikweza m'mwamba. A Saide anayandikira modzichepetsa, kapu ili m'manja.

"Achimwene, mchengawo ndi wa kunyanja kapena wa kudambo?"

"Wa kudambo, wosefa. Mwamva? Sakudziwa!"

"Nanga latalo litalikirane bwanji ndi moto?"

"Chikhatho chimodzi. Mukatsitsa, mchenga uuma msanga. A mboni, mukuona umbuliwu?"

Anthu ankagwedeza mitu, ena mpaka kugwada kuti aonetsetse mkatimo. Mtima wanga unali mbee. Ndinafotokoza ngakhale zimene sanandifunse, zoti nkhuni zikhale zosauma kwambiri.

A sekeretariyo anafika mochedwa, ndikumaliza. Atamva nkhani yonse anandikokera pambali.

"A Fabiao, patenti sapereka pamsika. Amakalembetsa ku Maputo, chinthucho anthu asanachidziwe. Mukachionetsa kugulu chonchi, ndiye kuti si chatsopanonso."

"Nanga mboni zonsezi?"

"Mbonizi ndi zimene zakupherani mlandu."

Ndinacheuka. A Saide anali atanyamuka kale, akupalasa njinga kulowera kudambo, thumba lopanda kanthu lili pakaliyala.

Sipanapite nthawi, ogula a ku Insaca anayamba kuthera pamsewu pomwepo. Angalowerenji kwanga, milamba yofiirira ili pafupi? Kenako a Saide anabwera kunyumba ndi mlamba waukulu wokulunga m'pepala.

"Aphunzitsi, talawani, mundiuze ngati ndakhoza."

Esinati ananyema kachidutswa, n'kutafuna, n'kundiyang'ana.

"Bambo, bwanji nanunso mukaphunzireko kwa a Saide?"

Munda umabwerera ukaulankhulira, koma nzeru ukailankhulira imasamukira kwa aneba.