Makatani a M'kombi ya Malemu Bambo

Lolemba

Apongozi akubwera Loweruka! Kuchokera ku Ntcheu, pa basi, koyamba kuponda Harare. Mkazi wanga, amake Tamanda, akundiuza m'mawa uno ngati akunena mtengo wa tomato. Akuti anadziwa kalekale, koma amaopa kuti ndikwiya. Ndakwiya.

Nyumba za ku Kambuzuma kuno n'zodziwika. Zipinda ziwiri muli maloja, anthu a lendi, chimodzi chathu, kenako pabalaza. Mayi agona ndi mwana wawo kuchipinda. Ine pabalaza ayi, poti ndi njira yotulukira panja, ndipo mkamwini sagona pamene apongozi angamulumphe miyendo. Chigamulo cha amake Tamanda: "Mukagone m'kombi ya bambo anu."

Kombi ija! Galimoto imeneyi malemu bambo anapatsidwa ndi bwana wawo wa ku Msasa atagwira ntchito mpaka msana kupindika. Muli bedi, kabati, ngakhale kasinki. Ankati adzapita nayo kwawo ku Dedza, abale akaone. Chimwalirire iwo ili pa njerwa pabwalo, mumagona nkhuku.

Vuto ndi ili: mazenera mbali zonse, ndipo mpopi uli pomwepo, pafupi ndi bedi. Apongozi amalawirira kukasukusula. Chikwatirire ine sitinayang'ananepo m'maso. Ndikapita ku Ntcheu timalonjerana iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Ndiye andione ndili chagada m'kabudula wamkati, mimba pamtunda? Bola kufa!

Zofunika:
nsalu
waya
misomali
mtendere, ngati ukugulitsidwa penapake

Nkhuku ndathamangitsa. Mazenera ndayeza ndi chingwe, ndamanga mfundo. Lachitatu ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri

Ku msika wa Mbare. M'kombi ya anthu atipanikiza ngati matumba, dengu la mayi wina lili pabondo panga njira yonse, iwo osanena n'komwe pepani.

Nsalu yamaluwa mtengo wake ngati ukugula mbuzi. Akuba! Pansi pa tebulo, pafupi ndi matumba a matemba, ndikuona mpukutu wofiira. Wogulitsa, pondilemekeza m'Chishona ngati gogo, akuti, "Sekuru, iyi anthu saigula, tengani yonse." Ndatenga yonse. Ndasiya kwa telala pamodzi ndi chingwe changa, kachidutswa ndabwera nako kudzaonetsa kunyumba.

Amake Tamanda: "Yofiira? Mukufuna anthu aziti pano pagwa chiyani?"

Kundiphunzitsa ine! Ndinabadwira konkuno, ndikudziwa kuti nsalu yofiira ikamangidwa pa geti ndiye kuti pakhomopo pali maliro. Koma iyi ikulowa m'galimoto, sikupita pa geti. Mkazi kumuuza zinthu ziwiri zosiyana amamva chimodzi.

Lachitatu

Magetsi kulibe chiyambire m'bandakucha. Chobowolera chimene ndabwereka changokhala phee pa mpando ngati mlendo. Ndiye msomali ndi hamala.

Chitsulo cha makedzana sichimva! Misomali ikungopindika. Chala chachikulu chatupa ngati mbatata. Hamala yaterereka kamodzi, kazenera kakumbuyo kang'aluka pakati. Bambo anakasunga zaka zonsezi, ine tsiku limodzi.

Mai Moyo, oyandikana nawo, asuzumira pa mpanda. Mayi amenewa nkhani ikawafika m'khutu imatulukira pakamwa isanazizire. Akuti, "Sekuru, mukukhoma bokosi kodi?"

Ndakuwa: "Anthu inu mundipha ndi BP sabata ino isanathe!"

Mzere wonse wa nyumba wamva. Amve! Waya wakhazikika mbali imodzi yokha. Mawa ndimaliza.

Lachinayi

Makatani abwera. Afupi! Akuphimba kumwamba kwa zenera, kumunsi kuli poyera, ndendende pamene pali bedi. Andibisira mitambo, ine andisiya pamtetete.

Telala pa foni: "Ine ndatsata chingwe chanu, bambo."

Chingwe chabwera ndi makatani, ndachitambasula pa zenera. Sichikufika. Kuyang'ana uku, ndikuona nkhuku yonenepa ija imene akusungira apongozi, itamangidwa mwendo ndi kachingwe kooneka ngati ndikukadziwa. Amake Tamanda: "Ndinangodulako pang'ono kunsonga Lolemba. Ndikanadziwa bwanji kuti ndi sikelo yanu?"

Pang'ono kunsonga!

Ndasomphola mipendero yonse ndi lumo, mwina angatalike. Atalikako, koma ulusi uli lendelende. Waya walemedwa, wagwa. Ndipo dzuwa litawomba, kombi yonse ikununkha matemba. Amphaka awiri akhala padenga kudikira.

Lachisanu

Pakhomo pali nkhondo ya ukhondo. Sofa panja, tebulo panja, pansi akupaka polishi. Makatani a m'nyumba achotsedwa, achapidwa, mabulangete onse achapidwa, chingwe choyanikira chadzaza mpaka kumapeto. Ukanati akubwera ndi nduna.

Ndikuchapa anga kuti fungo lichoke. Akusuluka! Madzi ofiira, manja ofiira, buluku langa lofiira mpaka m'maondo. Nalonso ndachapa, ndalipachika pa mpanda.

Amake Tamanda: "Musayandikire kuno ndi nsalu zanu zosuluka!"

Ndiyanike kuti? Pamutu panga? Ndaponya pa geti. Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma kwayamba kale kuda, palibe aone, ndipo ndidzuka tambala asanalire kukachotsa.

Polishi sanaume, sofa agona panja. Inenso akuti ndiyambe lero kugona m'kombi "kuti muzolowere". Kutentha kwa Okutobala, chofunda sichikufunika. Ndavula malaya, ndawapatsa achape.

Loweruka

Ndikulemba madzulo.

Tambala walira, ine osamva. Chondidzutsa ndi kulira kwa anthu. Ndikudzutsa mutu pang'ono: bwalo ladzaza amayi, akhala pansi kuzungulira mpopi, Mai Moyo patsogolo manja kumutu. Geti lofiira piriwiri! Sofa panja ngati pamaliro. Nyumba yopanda makatani, yokhoma, maloja ali ku ntchito. Amake Tamanda analawirira ku siteshoni ya basi ku Mbare kukachingamira mayi awo, ndipo wina anawaona akuthamanga, duku lili pambali. Ndani sakanakhulupirira?

Ine m'kabudula wamkati yekha. Buluku pa mpanda, foni m'nyumba, mazenera mbali zonse opanda kanthu. Ndikakuwa, mitu yonse isuzumira. Ndatsetsereka pa bedi, ndagona pansi pamene pamagona nkhuku. Ndikuti abalalika okha. Akuchuluka!

A Banda, apampando a bungwe lathu la maliro la anthu a ku Malawi, afika ndi nkhuni ndi mapoto akuluakulu. Pa zinthu zina amachedwa, koma pa ichi! Nyimbo zayamba. Zimene ndikumva ndili pansipo:

"Ananena okha Lachitatu, ine ndinamva ndi makutu angawa."

"Anali munthu wabwino, koma mkwiyo."

"Palibe chimene anayamba n'kumaliza. Taonani kombi iyi." Awa ndi a Banda, atatsamira kombi yomweyo! Munthu amene ndinamunyamulira bokosi la mchimwene wake mvula ikugwa!

Wina: "Kodi amasiyewo aigulitsa?"

Ndaluma chala chotupa chija kuti ndisayankhe.

Kenako galimoto yaima pa geti. Amake Tamanda atsika, aona nsalu, aona anthu. Akungoloza kombi: "Ndinawasiya mmenemo! Sindinasuzumire n'komwe!" Kulira kwakwera. Amuna onse aima chilili, palibe akufuna kukhala woyamba kuona.

Ndikumva ndodo ikugogoda pa simenti, ikubwera. Chitseko cha kombi chija, chimene ndimalimbana nacho ndi manja awiri, chatseguka kamodzi.

Apongozi.

Maso awo m'maso anga, koyamba chikwatirire. Ine chagada, manja ofiira, nthenga za nkhuku pamimba. Pakamwa panga patuluka chiyani? "Mwayenda bwanji, mayi?"

Amayi ena athawa, Mai Moyo adumpha mpanda wawo womwe. Koma apongozi ataya ndodo, agwira mutu wanga ndi manja awiri, akundisisita kumaso ngati khanda, misozi ikugwera pachifuwa panga. "Ali moyo! Mwana wanga ali moyo!" Amasula chitenje chawo chapamwamba, andifunditsa.

Ndatuluka m'kombi nditavala chitenje cha apongozi, Kambuzuma yense akuonerera.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Akandifunsa za kuuka kwa akufa.

Zotsala:
nsalu yofiira atenga a Banda, akuti asunge iwo poti ine sindidziwa ntchito yake
nkhuku ya apongozi anadya olira maliro, poti moto unali utayaka kale
kazenera kong'aluka
chala

Amake Tamanda sakundiyankhula, ndipo akandiyang'ana amathamangira kuseri kukaseka. Mai Moyo atumiza mawu kuti ndiwalipirire bondo. Adikire.

M'mawa uno ndikumva mpopi ukutseguka. Ndadzipinda, ndatseka maso. Kenako go go go pa zenera. Apongozi, mphumi pagalasi, akuyang'ana mkati mopanda mantha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Sachoka mpaka ndiyankhe. Ndayankha. Akuti azitero m'mawa uliwonse, ndipo auza mwana wawo kuti pa zenera limeneli pasapachikidwe kanthu, aziona okha kuti ndikupuma. Akhala mwezi wathunthu.

Ndimafuna kukwiya, koma mkwiyo sukubwera. Pa khamu lonse lija ladzulo, amene anandilirira misozi yeniyeni ndi mayi amene ndakhala ndikuwathawa moyo wanga wonse wa pabanja. Zandikhudza, ndisaname.

Waya ndazula, ndapereka kuti aziyanikirapo zovala. Chobowolera ndabweza, magetsi abwera nditangobweza. Kuyambira lero ndizigona ndi buluku.