Kusaka Ubongo wa Tabuleti ndi Sizasi

Mumsika wa Mtendere muli njira ina imene ndinaileka kwa milungu itatu yathunthu, ndipo sikuti munali matope. Ndinkazungulira kumene amagulitsa makala, n'kukafika pashopu nsapato zili bii, pothawa kudutsa pathebulo la munthu mmodzi. Nkhaniyi ndaifotokoza pakamwa kambirimbiri, moti lero ndaganiza zongoilemba, mwina lilime lingapumeko.

Ndine telala. Ndimasoka madiresi a zitenje, mayunifolomu a makwaya ndi zovala za anthu operekeza akwati. Ndivomerenso msanga kuti ndine munthu wolota masana. Ndili mtsikana kwathu ku Katete, ndikatumidwa kumjigo ndowa inkadzaza n'kusefukira, ine ndili ku Joni m'maganizo. Ndakula, ndabereka, imvi zayamba kusuzumira, koma matendawa sanandisiye.

Chaka chatha ndinagula tabuleti, kachipangizo kaja kokhala ngati foni koma ka galasi lalikulu, kuti makasitomala azisankhirapo masitayelo. Ndinaikonda ngati mwana wachisamba. Inali ndi kakhalidwe kake. Ukadina chithunzi, pakati pa galasi pankabwera kagudumu n'kuyamba kuzungulira, kuzungulira, kuzunguliranso. Ine sindinkaonapo vuto. Ndinkayesa matabuleti onse ndi otero, monga momwe nyemba zonse zimafunira nthawi pamoto.

Kunena zoona, kagudumuko ndinkakakonda. Kakamazungulira, ine ndinkanyamuka. Ndinkapezeka m'shopu yanga ya m'tauni, ya mawindo aakulu, zidole zitatu zitavala madiresi anga zikuyang'ana mumsewu. Panja maluwa a jakaranda ankagwa pang'onopang'ono ngati alibe kopita. Mayi wina wonunkhira ankatsika m'galimoto yaitali, n'kugwira nsalu yanga ndi nsonga za zala, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, “Wasoka ndani?” Ndisanayankhe, chithunzi chinkatseguka, ndipo ndinkabwerera ku Mtendere, kasitomala akundiyang'ana modabwa.

Tsiku lina tabuletiyo inatsetsereka pamulu wa nsalu n'kugwa pasimenti, galasi n'kung'aluka. Ndinapita nayo kwa Ba Zulu, bambo ofatsa a magalasi okhala pansonga ya mphuno, amene akhala akukonza mafoni mumsikamo kuyambira nthawi ya mafoni a mabatani. Anaisunga masiku awiri, n'kundibwezera ikunyezimira.

Mlungu womwewo Bana Mwila, a saluni yoyandikana ndi shopu yanga, mayi ochokera ku Kitwe a mawu omveka mpaka pasiteshoni, anagula yawo. Ndine ndinawalangiza. Dzina lomwelo, mtundu womwewo, ngakhale chithunzi cha pabokosi chomwecho.

“Ba neba, onani, nagula monga yanu,” anatero polowa. “Manje niphunziseniko, kaili ndimwe bakaswili.”

Ndinakhala bwino pampando ngati mphunzitsi wamkulu. Ndinawauza kuti chofunika pa zipangizo izi ndi kuleza mtima. Ndinadina chithunzi, n'kupinda manja kuti tidikire kagudumu. Chithunzi chinangoti pha! Ndinadina china. Pha! Kagudumu osaoneka n'komwe.

Tinaziika pamodzi pathebulo lodulira nsalu, n'kutsegula kanema mmodzi wa ukwati pa nthawi imodzi. Pa ya Bana Mwila mkwatibwi analowa m'tchalitchi, analumbira, anadula keke, azakhali anavina mpaka kutopa. Pa yanga ukwati unali usanayambe.

“Yanu ili na tulo,” anatero Bana Mwila, akuseka mpaka kugwira chitseko.

Nanenso ndinaseka (mano okha).

Madzulo a tsikulo magetsi anathima, makina anga n'kukhala chete. Ndinatsamira zenera. Kunja kamphepo kankaulutsa fumbi lofiira, ndipo dzuwa linkadutsa m'fumbimo ngati m'nsalu yopyapyala. Pamenepo ndiye panayambira tsoka langa, chifukwa ndinayamba kulota.

Ndinawaona Ba Zulu akutsegula tabuleti yanga ndi kasikuludiraiva kawo. Ndinawaona akuyang'ana uku ndi uku, kenako akutulutsa kanthu kakang'ono kowala ngati mtedza wagolide. Anakakulunga mumpango, n'kuikamo m'malo mwake kanthu kotopa kochokera m'foni yakufa. Ndinaona ndi dirowa yawo yomwe, yodzaza ndi timitedza totere tikuphethira ngati ziphaniphani. Zinali zokongola, ndikuuzeni. Pamene magetsi ankayaka, ndinali nditakumbukira bwinobwino kuti tabuleti yanga kale inkathamanga ngati mphepo. (Sinathamangepo chibadwire.)

Mawa lake ndinasuzumira mu saluni. Sindinanene kuti Ba Zulu ndi akuba, ayi. Ndinangofunsa funso.

“Bana Mwila, kodi sizingatheke kuti munthu wokonza mafoni n'kuchotsamo ubongo wabwino, n'kuikamo wakale? Chifukwa yanga ija yangochoka kumene kwa Ba Zulu.”

Bana Mwila anali akuluka tsitsi la munthu. Pabenchi panali amayi ena atatu akudikira. Chipeso chinaima m'mwamba.

“Awe shuwa! Ba Zulu bamene baja?”

“Ndangofunsa chabe,” ndinatero, n'kubwerera kukasoka.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi, mayi wina wa kwaya anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti ndisamapite kwa Ba Zulu, chifukwa amachotsa ubongo m'mafoni n'kukagulitsa kunja kwa dziko. Ndinagwedeza mutu mwachisoni. Mumtima ndinati, mwaona, ngakhale ena akudziwa. Sizinandifike m'mutu kuti ndikumva funso langa lomwe litavala jekete.

Pofika mlungu wachiwiri, benchi ya makasitomala pamaso pa thebulo la Ba Zulu inali yopanda munthu. Ndinaiona podutsa, ndipo (Mulungu andikhululukire) ndinadzimva ngati wapolisi wofufuza milandu. Chinangotsala ndi umboni.

Lachitatu masana ndinatseka chitseko cha shopu, n'kuyala kansalu koyera pathebulo ngati dokotala. Ndinatenga sizasi yanga yaing'ono yodulira ulusi. Ndinkayembekezera kupeza kadzenje m'kati, malo amene mtedza wagolide unkakhala, mwina ndi chidindo cha chala cha Ba Zulu. Ndinalowetsa nsonga m'mphepete, n'kukanikiza. Sizinatheke. Ndinakanikizanso, uku ndikuluma mlomo.

Thwa!

Mng'alu unayenda kuchokera pakona kukafika pakona ina. Chivundikiro chakumbuyo chinatseguka pang'ono, ndipo nditasuzumira ndinaona batire lakuda lophwatalala ndi kabolodi kobiriwira ka timizere tambirimbiri. Kadzenje panalibe. Golide panalibenso. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati, ndiye kuti anabisa bwino.

Ndinanyamula matabuleti onse awiri ndi mabokosi ake, Bana Mwila ali pambuyo panga atasiya munthu mutu woluka theka. Tinawapeza Ba Zulu akudya chinangwa chootcha ndi mtedza, wailesi ikulira motsitsa. Ndinali nditakonza mawu abwino m'njira monse, koma nditafika anathawa onse, n'kutsala awa:

“Ba Zulu, ndibwezereni ubongo wanga!”

Ogulitsa oyandikana nawo onse anatembenuka. Kenako mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa njira anafuula kuti, “Ubongo wanu, bamayo? Kanshi ndiye pamene pali vuto!” Anthu anaseka, ena n'kuyamba kuyandikira.

Ba Zulu sanaseke. Anapukuta manja, anakweza magalasi, n'kundiyang'ana.

“Oho,” anatero. “Kanshi nkhani ija inachokela kuli imwe.”

Anapempha mabokosi. Anawatembenuza onse awiri, n'kuloza ndi nsonga ya sikuludiraiva pansi penipeni, pa timanambala tating'ono timene munthu sawerenga pokhapokha ali m'ndende ndipo alibe china chowerenga. Manambala anali ofanana mpaka kumapeto. Koma kumapetoko, bokosi langa linali ndi chilembo china, la Bana Mwila china.

Kenako anayatsa matabuleti onse, yanga ikuoneka movutikira kuseri kwa mng'alu, n'kutsegula pamene chipangizo chimadzifotokoza chokha. Anationetsa mzere umodzi. Mayina anali osiyana.

“Aka kanthu bakaitana pulosesa,” anatero. “Ndiye kamene mukamba ati ubongo. Ba kampani banachinja, baikamo kanyowani kothamanga. Koma zina la tabuleti sibanachinje, bokosi sibanachinje, sibanauze munthu aliyense. Bamachita so kambili. Imwe munagula yakudala, aba bagula yamanje. Zina imozi, mukati vosiyana.”

“Ndiye kuti simunachotse?”

“Bamayo, kanthu aka kanamamatizidwa ku bolodi ku fakitale. Olo nenze kufuna, pa thebulo pano siningakwanise. Yanu inabadwa so.”

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma iwo anapitiriza.

“Siku munaileta, ninakuuzani ati iyi tabuleti ichedwa maningi. Mukumbukila vamene munaniyankha?”

Ndinakumbukira. Mawu anga anabwera okha, ndi kamvekedwe kake komwe. Ndinawauza kuti, isiyeni, imandipatsa mpata woganiza.

Anatembenuza tabuleti yanga, n'kuona chivundikiro chotseguka chija. Anafunsa amene anaitsegula.

“Inagwanso,” ndinatero.

Analowetsa kachopanira kawo m'katimo, n'kutulutsa kaulusi kofiira, kautali ngati chala. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

“Inagwela pa sizasi?”

Anthu anaseka mpaka wina anakhala pansi. Bana Mwila, amene ndinabwera nawo ngati mboni yanga, anali atasunthira kale kumbali ya Ba Zulu, akupukusa mutu ngati sanandionepo. Kuseka konseko ndikanakupirira. Chimene chinandilasa ndi zimene Ba Zulu ananena anthu atayamba kubalalika, motsitsa mawu, akupinda pepala la chinangwa chawo.

“Masabata yabili nankhala chabe pano, niyangana njila. Na bakazi banga bananifunsa ngati ni zoona. Zaka zonse izi, bananifunsa.”

Pamenepo jakaranda yense anandithera m'mutu. Ndinagwada pafumbi pomwepo, chitenje changa chatsopano osachiganizira, n'kupepesa. Misozi inatuluka yeniyeni.

“Nyamukani,” anatero. “Kupepesa kwa pano namvela. Koma nkhani simunaikambile pano.”

Ndinamvetsa. Ndinayambira mu saluni, n'kuima pakati ngati mwana wasukulu wolakatula, mabokosi awiri m'manja. Ndinapita ku kwaya. Ndinapita kwa amayi a tomato, kwa ogulitsa makala, kwa wometa tsitsi. Kulikonse ndinkaloza tizilembo tija n'kunena kuti dzina ndi limodzi koma za m'kati n'zosiyana, ndipo Ba Zulu sanabe kanthu. Ndinafika poidziwa nkhani ya pulosesa kuposa ya zipi. Makasitomala anayamba kubwerera pabenchi ija, ngakhale ankabwera mmodzimmodzi. Galasi anandikonzeranso Ba Zulu omwewo, koma tabuletiyo anachita kunditumizira ndi Bana Mwila, chifukwa ine nkhope yokaonekera nayo ndinalibe. Ndinaphunzira kuti funso lofunsidwa mu saluni silikhala funso, ndipo ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Mwezi watha ndinakwera basi kuchokera m'tauni, nditagula ulusi ndi mabatani. Pafupi nane panakhala mayi wina amene sindinamuonepo, ndipo kutsogolo kwathu bambo wina ankadandaula kuti foni yake yasweka galasi. Mayiyo anamugwira paphewa.

“Koma mukafika ku Mtendere muchenjele,” anatero. “Kuli bamudala benangu pa maliketi. Kuli telala winangu muzimai, banamuchosa ubongo. Mpaka lelo mutu siuyenda bwino. Amangoyenda na mabokosi yabili, akamba yeka.”

Ndikanatha kukhala chete. Zenera linali pomwepo, mitambo ili bwinobwino kumwamba. Koma ndinakumbukira pepala la chinangwa lija likupindidwa.

“Telala ameneyo ndine,” ndinatero.

Basi yonse inatembenuka. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: za kampani yosintha za m'kati mwakachetechete, za dzina losasintha, za kachilembo ka pansi pa bokosi, za bolodi la ku fakitale. Ndinajambula ndi chala m'mwamba. Ndinalankhula mpaka ndinapitirira siteshoni yanga, kondakitala osayerekeza kundidula. Mayi uja ankangogwedeza mutu mwachifundo, uku akukokera chikwama chake pamiyendo.

Pamene ndinkatsika, ndinamumva akunong'oneza bambo wa foni uja.

“Mwaona? Nenze nakamba.”